Chizungu cha Dzulo ndi Chingwe cha a Muhiwa

LOLEMBA

Ndayamba! Kope ndi lomwe lija ndinachoka nalo ku sukulu ya mishoni. Masamba atatu okha ndiwo ali ndi masamu, ena onse mbee. Pensulo yatsala ngati chala cha khanda. Ikwana sabata imodzi, ndipo ine ndikufuna sabata imodzi basi.

Nkhani yake nayi. Pa esiteti pabwera bwana wamng'ono watsopano, makutu psuu, Chinyanja sadziwa ngakhale moni. Akufuna munthu woti aziyenda pambuyo pake m'minda ya tiyi, kumunyamulira ambulera ndi kumumasulira zonena anthu. Kuyesedwa Loweruka, pakhonde la ofesi.

Zimene apeze munthuyo:
malaya a kaki, matumba awiri pachifuwa
kabudula wa kaki
mwina chipewa
khasu AYI!

Chaka chachitatu chino ndikupalira udzu m'mizere ya tiyi. Msana wayamba kupindika ngati chikwakwa. Zakwana.

Masana ndakwera ku ofesi, ndawakhuthulira a kalaliki Chizungu changa chonse: come, go, bring, take, quick, yes sir. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akuti, "Chimenecho n'Chizungu cha lero, ngakhale galu wa bwana amachimva. Womasulira amanena zimene zinachitika. Ng'ombe inalowa m'nazale, uje anadwala, mlatho unagwa. Cha dzulo ukuchidziwa iwe?"

Kani Chizungu chilipo chiwiri!

Cha lero amatigawira ulere m'munda tsiku lililonse, mwano n'kuikapo pamwamba. Cha dzulo amachisunga m'nyumba ngati shuga. Ku sukulu ndinachoka tisanafike pa dzulo. Aphunzitsi ankayenda ngati bakha, ine ndinangowaonetsa anzanga mmene bakha amayendera. Ndani akanadziwa kuti aima pakhomo?

Wolimbana naye ndi mmodzi yekha, Wilisoni, mwana wa a katekisiti. Anafika Sitandade 3. Amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Sindikumuopa.

Gulu lathu lopalira ndaliuza kale kuti andiyang'anitsitse sabata ino, chifukwa Lolemba likubwerali azidzandiona ndili pamthunzi wa ambulera. Estere, amene amapalira mzere woyandikana ndi wanga, akuti, "Tidzaona, a Bwana Kaki." Mphuno m'mwamba. Adzaonadi.

Dzuwa lisanalowe ndathamangira kukhitchini kwa bwana wamkulu, kumene atsibweni anga a Jemusi amaphika. Amayatsira chitofu buku lakale la ana a bwana, tsamba limodzi m'mawa uliwonse. Tafufuza limodzi. Tapeza tsamba la mawu oimikidwa m'mizere ngati asilikali, kumanzere a lero, kumanja a dzulo. Mbali ina moto unanyambita kale. Ndalipinda, lili m'chipewa changa cha mlaza.

Atsibweni sawerenga, koma cha dzulo amachidziwa bwino. Dona, mkazi wa bwana, amawafunsa m'mawa uliwonse: who took, who ate, who broke. Akuti, "Chizungu cha dzulo n'cha milandu, iwe. Ukuchifuniranji?"

Ndikuchifunira matumba awiri pachifuwa.

LACHIWIRI

Dongosolo: mawu asanu patsiku. Lachisanu onse makumi awiri ali m'mutu. Loweruka kaki.

Ine ndimawerenga zilembo, atsibweni n'kukonza kamvekedwe. Ena ndawasamutsira muno:

go, went. Awa si pachibale ayi. Went ndi mkamwini, wachokera mudzi wina. Anamupeza kuti?
eat, ate. Zilembo zomwezo, angozisuntha ngati mafuwa.
dig, dug. Uyu ndimamudziwa ndi msana.
bring, brought. buy, bought. catch, caught. Mwa onsewa muli g ndi h. Akhala phee pakati, samveka, sagwira ntchito, koma malo atenga. Akapitawo!
cut, cut. put, put. Aulesi! Dzulo ndi lero chimodzimodzi, ngati nyemba za pa esiteti.

Ena sindilemba, pensulo ingathe.

Kunali mzere wachitatu kumapeto, womwe moto unadya. Patsala timichira tokha. Ndikuganiza kuti n'Chizungu cha dzana. Ngati zili choncho, cha sabata yatha chilinso ndi mawu akeake? Nanga cha nthawi ya nkhondo ya Jeremani? Azungu amasunga kuti zonsezi? N'chifukwa chake amavala zipewa zikuluzikulu. Atsibweni akuti ndisiye zimenezo, bwana safunsa za dzana, amakhala ataiwala.

Kumunda zavuta.

M'mawa uliwonse kapitawo wathu a Muhiwa amayeza ndime ndi chingwe chawo cha mfundo. Mfundo khumi, n'kukhoma chikhomo. Ukafika pachikhomo tsiku lako lalembedwa patikiti. Ukapanda kufika wagwira ntchito ya Mulungu. Ndiye ine kuti ndione pepala ndiyenera kuimika khasu, kuvula chipewa, kufutukula, kuwerenga, kupinda, kuvala. Pofika pa khasu, liwu lija lathawa. N'kuvulanso chipewa.

A Muhiwa akuti, "Iwe, ukupatsa moni ndani kumeneko? Tiyiyo?"

A Khoviwa, mdala wa Chilomwe amene amatitsogolera nyimbo, andiona ndikunong'ona ndekha, asunthira kutali. Awauza azimayi kuti ndagwidwa ndi mizimu, ndipo mizimu yake n'ja azungu. Ndawayankha kuti inde, ikufunsa za iwo, ikuti nyemba za kalongonda anaba zija abweze. Aseka mpaka kutsokomola.

Mvula masana. Chipewa cha mlaza si denga. Pansi pa pepala panyowa, sleep ndi speak asanduka phala.

Ndamaliza ndime womalizira gulu lonse, ine amene ndimamaliza wachitatu. Estere wadutsa ndi khasu paphewa. "Kaki ikulemera eti, musanaivale n'komwe?"

Mawu olowa m'mutu lero: awiri. Cut ndi put. Aulesi okhaokha, afuna mnzawo.

LACHITATU

Lero!!

A Khoviwa adzuka opanda mawu, chifuwa chawagwira. Gulu likupalira chete ngati pamaliro. Makasu akugwa aliyense nthawi yake, phu, phu-phu, phu. Zosakoma kumva.

Ine ndili ndi zanga. Ndapeza nzeru: khasu likakwera ndizinena la lero, likagwa la dzulo. Dig m'mwamba, dug m'dothi. Dig, dug. Dig, dug. Ndayamba chonong'ona, koma pakamwa panga sipadziwa kunong'ona nthawi yaitali.

Ndikuti "Dig!", ndisanatsitse khasu, Estere kumbali kwanga, mawu ochokera m'mphuno ngati a dona: "Daaag!"

Kundinyoza kumene. Azimayi kuseka. Ine ndikuti chabwino, tione. "Dig!" Azimayi atatu: "Dug!" "Dig!" Mzere wonse: "DUG!" Makasu onse pansi kamodzi, phuu!



Popuma kumwa madzi ndatulutsa pepala poyera. Andizungulira. Ndikuwerenga awiriawiri, iwo akubwereza kumanja kokha. Kamodzi, kawiri, agwira. Anthu awa nyimbo ya Chilomwe ya mitu khumi amaigwira tsiku limodzi, nanga timawu tatifupi ngati timeneti?

Akufuna kudziwa matanthauzo. Ndikuti drink, drank ndi kumwa, abambo onse akuyankha mwamphamvu. Ndikuti fall, fell ndi kugwa, akuti ameneyu azitsatana ndi drank. Ndawaika motsatana. Amayi ena akufunsa ngati mulibe zotukwana, asamatukwane osadziwa ali a mvano wa tchalitchi. Ndawatsimikizira. Kunena zoona run, ran sindikumukhulupirira kwenikweni.

Mmene ikuyendera nyimbo:
ine: Go! iwo: Went!
ine: Take! iwo: Took!
ine: Eat! iwo: Ate! (apa Estere amasisita pamimba)
ine: Drink! Drank! Fall! Fell!
kenaka dig, dug katatu, n'kuyambiranso

A Khoviwa mawu alibe koma milomo ikuyenda. Dug wawo akutuluka "taki". Ndawauza kuti Chizungu cha Chilomwe chimenecho bwana akachimva adzalira. Andiloza ndi mpini.

Taonani nzeru! Wilisoni akuphunzira yekha m'nyumba ngati kadzidzi. Ine ndili ndi sukulu ya anthu makumi atatu, sindivulanso chipewa, khasu silikuima. Aphunzitsi abakha aja akanaona!

Chondidabwitsa: chifukwa chiyani mawu a dzulo amakoma pogwetsa khasu? Took. Dug. Caught. Afupiafupi, olemera. Mwina azungu kwawo nawonso ankalima, asanapeze ife.

LACHINAYI

Tamaliza ndime dzuwa lisanafike pamutu. Gulu lonse, ndi azimayi oyembekezera omwe!

Sizinachitikepo. Nyimbo ikuthamanga, makasu akuthamangira nyimbo, udzu ukungogona wokha. Tafika pachikhomo tikuyang'anana. A Muhiwa abwera kuchokera pansi pa mtengo wawo, ayang'ana chikhomo, ayang'ana dzuwa, ayang'ananso chikhomo. Atulutsa chingwe, ayezanso ndime yonse kuchokera poyambira. Mfundo khumi. Ayenda m'mizere kufuna udzu wotsala. Palibe. Angokulunga chingwe pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

Ndawafunsa ngati akufuna ndiwaphunzitse nawonso. Ndati pali awiri, g ndi h, ofanana nawo kwambiri. Sanamve. Bola.

Zolandira lero:
chimanga chootcha chiwiri, kwa amayi a mvano aja, poti apeza nthawi yopalira munda wawo
nzimbe
kalongonda m'tsamba la nthochi, kwa akazi a a Khoviwa
kwa Estere "Mwayesako." Sindinamvepo mawu okoma chonchi kuchokera m'kamwa mumenemo

A Khoviwa okha sakukondwa. Mawu ayamba kubwerera, akunong'ona ngati mphepo m'nsungwi. Akuti, "Mwanawe, nyimbo yakoyo ikuthamanga." Ndati n'chifukwa chake n'ja anyamata, madala. Apukusa mutu. Nsanje ya oimba!

Masana onse anga. Dongosolo linali kukhala pansi ndi pepala, kuphimba kumanja ndi dzanja, kudziyesa ndekha. Koma munthu wotchuka ali ndi ntchito zambiri. Ndadutsa kufakitale, anyamata oanika masamba amva kale, akufuna ndiwaimbire. Ndaimba, ayankha atatu a gulu lathu amene anali pomwepo. Ndadutsa kuchitsime, zomwezo. Ndadutsa dala pakhomo pa a katekisiti. Wilisoni ali pakhonde, buku pamaondo, chala pamzere, milomo ikugwedera. Ndafuula "Catch!" Wadzidzimuka, wati "caught" motsitsa, n'kupepesa. Kupepesa! Munthu wotere anganyamule ambulera kukawomba mphepo?

Kukhitchini ndawafunsa atsibweni chifukwa chake go amasanduka went. Akusenda mbatata, sakuyang'ana. Akuti, "Iwe ukapita ku Limbe umabwera uli yemwe uja?" Ndaganiza njira yonse. Mwina n'zoona. Amene amapita ku Limbe amabwera ndi nsapato ndi mwano. Koma nanga put? Ameneyo sanapiteko kulikonse?

Kudziyesa mawa. Nthawi ilipo yambiri, ndime ikutha m'mawa masiku ano.

LACHISANU

Chingwe cha a Muhiwa chabereka usiku. Mfundo khumi ndi zisanu.

Ayeza pamaso pathu, akuwerenga mokweza, chikhomo akakhoma kutsidya kwa kamtsinje, kutali moti chikuoneka ngati singano. Akuti, "Bwana wamkulu wamva kuti mumaweruka m'mawa ngati makalaliki. Akuti mphamvu zilipo."

Onse atembenuka kuyang'ana munthu mmodzi. Ndayang'ana kumbuyo kwanga. Kulibe munthu.

Ndati tisadandaule abale, tili ndi nyimbo. Khasu m'mwamba. "Dig!"

Zii.

"Dig!"

Khwangwala yekha.

"Go!" Amayi a chimanga chootcha aja, osadzutsa mutu: "Pita wekha."

Tapalira chete. A Khoviwa asendera pafupi, mzere ndi mzere. Mawu abwerera theka. Akuti, "Umayesa ine nyimbo zothamanga sindizidziwa? Ndinavina tchopa iwe usanabadwe. Pano timaimba yokoka dala. Nyimbo ndiyo imagwira khasu kuti lifike pachikhomo dzuwa litapendeka, osati m'mawa, osati usiku. Ukafika msanga chingwe chimakula. Chikakula sichibwerera chokha. Zaka zonsezi ndikuweta chingwe chimenechi, iwe wachimasula masiku awiri."

Zaka zitatu ndikuyankha nyimbo zawo, ndinkayesa akukoka chifukwa cha ukalamba! Bwanji palibe anandiuza? Akuti zimenezi sauza munthu, amangomva. Ndiye makutu anga anali kuti? Akuti anali m'kamwa.

Mvula yayamba masana, sinasiye. Tafika pachikhomo nkhuku zikulowa. Anayi sanafike, tsiku lawo lapita. Mmodzi mwa iwo ndi mayi woyembekezera. Pamenepo nthabwala ndilibe.

Ndipo pepala! Ndinasiya chipewa pachitsa popita kukamwa madzi. Ndikubwera, a Khoviwa akhala pansi pa mtengo, utsi tolotolo. Apichira fodya Chizungu changa! Atatu agawana. Akuti, "Mbali ya dzulo ndiyo ikukoma." Ndikanalira koma ndaseka, poti ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo.

Kunyumba, kusanade, ndadziyesa ndi omwe ali m'kope muno. Ndatseka kope. Ndikuti "take". Ndadikira.

Ndadikira ndani?

Ndikuti "bring". Khutu likutembenukira kumbuyo lokha, kufuna azimayi. Pakamwa pangotseguka, mulibe kanthu. Masiku awiri ndaimba kumanzere kokhakokha! Kumanja ndinagawa konse, sindinasungeko ngakhale limodzi. Ndikatsegula kope ndikuwadziwa onse. Ndikatseka, athawira kwa Estere.

Ndathamangira kwa atsibweni. Kuli alendo a bwana ochokera ku Blantyre, nkhuku zinayi pamoto. Andithamangitsa ndi chipande.

Otsala m'mutu: cut, put, went. Manja matuza okhaokha, pensulo ikuterereka.

Mwina bwana afunsa atatu omwewo. Zimachitika.

LOWERUKA

Ndilembe zonse mwadongosolo, mwina ndimvetsa.

Loweruka ndi tsiku la phoso. Magulu onse amafola pabwalo la ofesi kulandira ufa, nyemba ndi mchere. Ndiye kuyesedwa kwanga kuli pakhonde, esiteti yonse ili kumbuyo kwanga ndi zitini ndi timadengu. Gulu lathu kutsogolo kwenikweni. Sindinaziganizire zimenezi Lolemba podzitama.

Ndasamba kawiri. Malaya ndabwereka kwa atsibweni, akununkha anyezi.

Bwana wamng'ono wakhala pakhoma la khonde, akugwedeza mwendo, buku m'manja. A kalaliki akufotokoza: bwana anena la lero, iwe unene la dzulo. Basi.

Woyamba Wilisoni. Sindikumva n'komwe zimene akuyankha, mawu akuthera m'kolala. Koma bwana akugwedeza mutu, kugwedeza, kugwedeza. Kamodzi kokha wakwinya nkhope. Watha, wabwerera chambuyo mpaka kugunda mzati, waupepesa.

Ine. Ndaima njo, chifuwa kunja. "Good morning sir!" mokweza mpaka galu wadzuka. Bwana wamwetulira. Ndati mumtima, kaki ija ndi iyi.

Wayang'ana m'buku. "Take."

Pomwepo ndazindikira vuto. Munthuyu wandilanda mbali yanga! Take ndi wanga, ndine ndimamuponya. Tsopano waponyedwa kwa ine, manja ndilibe. Pakamwa yasaa. Khutu kumbuyo. Ndikumva ufa ukugwera m'chitini cha munthu, wuuu, mpaka kudzaza. Ndikumva ntchentche. Ndikufuna cut, ndikufuna put, bwana sakuwatchula.

"Take," kachiwiri, pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala.

Kumbuyo kwanga, mawu a m'mphuno aja: "Took."

Bwana wadzutsa mutu. Wayang'ana pamzere wa phoso. Azimayi a nsalu zamatope, ana kumsana, onse maso pansi. Wayang'ana m'buku. Wayesa, osayang'ana ine: "Eat?"

"ATE!" Anthu makumi atatu.

Buku pang'ono ligwe. "Drink!" "DRANK!" Abambo. "Fall!" "FELL!" Zitini zayamba kulira, mapazi akuponda. Makutu a bwana afiira kuposa kale, akuseka ngati mwana wapeza chidole. Akuponya, iwo akubweza, mawu akudutsa pamutu panga uku ndi uku. Ine ndili pakati ngati mtengo wa m'bwalo.

Ndikanangoima choncho, mwina akanandimvera chisoni. Koma mzunguyu satha kutsogolera! Akuponya mochedwa, kenaka mofulumira, akuima kufuna mzere ndi chala, zitini zikusokonekera. Akuipha nyimbo yanga ndikuona. Thupi lakana. Ndangozindikira ndafulatira bwana, manja m'mwamba ngati ndagwira khasu, "DIG!" "DUG!" "DIG!" "DUG!" Bwalo lonse, ndi magulu ena omwe sakudziwa kanthu alowa. Woyeza ufa akumenya muyeso pathebulo. Sinakomepo chonchi ngakhale Lachinayi.

Ndatembenuka thukuta kamukamu. Pakhomo la ofesi paima bwana wamkulu, kaliwo m'kamwa. Ameneyu Chinyanja amachidziwa, cha mwano makamaka. "Kapitawo! N'chiyani ichi?"

A Muhiwa, chipewa m'manja: "Ndi mnyamata uyu, bwana. Ndi amene ndinanena uja. Akaimba, ndime imatha dzuwa lisanafike pamutu. Dzulo sanaimbe, anayi sanamalize."

Bwana wamkulu wandiyang'ana kuyambira kumapazi, mmene amayang'anira ng'ombe yokoka ngolo. Alankhulana awiriwo m'Chizungu chothamanga, sindikudziwa ngati n'cha lero kapena cha dzulo. Kenaka kwa a kalaliki: "Munthu wotere kumupatsa ambulera n'kutaya. Akhale ku khasu. Aziimba tsiku lililonse. Akatha gulu ili apite gulu la kumunsi."

Kwa ine: "Good boy."

Kaki yapita kwa Wilisoni. Ntchito yake yoyamba kundimasulira ine zimene wanena bwana wamng'ono. Wayandikira: "Akuti muli ndi mawu abwino. Pepani."

Phoso ndalandira womalizira. Nyemba.

Panjira ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Dzulo anandikana m'munda, lero andiyankhiranji? Ndafunsa atatu.
Estere: "Munkaoneka ngati nkhuku yonyowa, a Bwana Kaki. Pakamwa panga panangotseguka pokha."
Amayi a mvano: "Dala. Umati utisiyire chingwe chako iwe uli pamthunzi?"
A Khoviwa: "Nyimbo ikaitana suisiya chiimire, ngakhale waitana ndi mzungu."

Onse atatu akuoneka kuti akunena zoona. Sindikumvetsa mpaka pano.

LAMULUNGU

Kutchalitchi. Wilisoni wavala kaki, manja a malaya akufika m'zigongono, matumba awiri opanda kanthu. Imukhala bwino akanenepa. A katekisiti alalikira za odzikuza, maso ali pa ine. Ndayang'ana denga. Likudontha malo atatu.

Titatuluka a gulu lathu andiitanira kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala. A Khoviwa, Estere, amayi a mvano, mwamuna wa mayi woyembekezera uja. Ndimayesa andimenya. Ayi, ndi sukulu.

Malamulo awo:
bwana wati ndiziimba, ndiziimba
mawu omwewo, kuti akamadutsa azimva Chizungu chake n'kukondwa
koma aliyense ndizimukoka, khasu likwere, lipume kumwamba, liganize za kwawo, ndiye litsike
sabata yonse tisafike pachikhomo msanga ngakhale tsiku limodzi
gulu la kumunsi a Khoviwa akalichenjeza okha madzulo ano

Akuti a Muhiwa nawonso amaopa. Anthu akamalephera ndime tsiku ndi tsiku, bwana amafunsa kapitawo, osati ife. Mfundo zizibwerera imodziimodzi, mwina pofika nthawi yokolola chimanga. Masiku otayika a anthu anayi aja ndiwalipira ndi khasu m'minda mwawo. Sindinatsutse.

Tayeseza pomwepo. "Goooo-o-o." A Khoviwa akweza dzanja, agwira, agwira, atsitsa. "Weeent." Ngati nyimbo yoperekeza maliro a munthu amene sankakondedwa kwambiri. Akuti ndikuthamangabe. Kasanu. Kachisanu ndi chimodzi agwedeza mutu, akuti mwina ndidzakhala woimba ndikadzakula. A Muhiwa adutsa pamsewu ndi buku la nyimbo m'khwapa, aima, amvetsera. Akuti, "Ine Lamulungu sindimva kanthu." Apitirira.

Estere akuti malaya a anyezi aja ankandikhala. Sindikudziwa ngati n'kunyoza. Ndasiya kufunsa.

Pobwerera ndakumana ndi Wilisoni. Pali liwu limodzi silinali papepala langa, landivuta usiku wonse. Ndamufunsa kuimba pa Chizungu. Akuti sing. La dzulo? Sang. Nanga la mawa lilipo? Wayang'ana kaki yake, wayang'ana mapazi anga. Akuti, "Will sing. Pepani."

Limenelo lalowa kamodzi, losafuna azimayi kumbuyo.

Pensulo yafika pogwira ndi zikhadabo. Ndikanole khasu kusanade.